Khutu, phatikizo ndi lembo: mmene ana a ku Niassa akhala akuphunzirira kuwerenga

Amene mwayendapo msewu wochoka kuno ku Lichinga kutsikira kunyanja kudzera ku Maniamba mukudziwa kuti zikwangwani zimanena zina, anthu amene mwakwera nawo galimoto amanenanso zina. Chikwangwani chimati Metangula, koma agogo amene akhala pambali panu ndi thumba lawo la nyemba amati akupita ku Mtengula. Pa mapu pali Messumba, pakamwa pa eni dera pali Msumba. Amene analemba mayinawa m'mabuku a boma la atsamunda ankadziwa kulemba bwino lomwe, koma khutu lawo linaleredwa ndi Chipwitikizi, ndipo m'Chipwitikizi mawu sayamba ndi m wotsatana ndi t kapena s. Atamva m woima payekha, anamva ngati pali e, n'kulemba zimene anamvazo. Lembo limenelo tikuyenda nalo mpaka lero.

Chaka chatha ndinakhala kumbuyo kwa kalasi yachiwiri ya zinenero ziwiri pa sukulu ina ya m'boma la Lago. Aphunzitsi ankaloza pa bolodi ndi kamtengo, ana onse n'kumayimba ka, ke, ki, ko, ku, mpaka malata a denga kulira. Pa nthawi yopuma ndinaitana mtsikana amene ankatsogolera kuyimbako. Ndinamulembera mawu akuti kola ndipo anawerenga osachedwa. Ndinawonjezera lembo limodzi kuti akhale khola. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anati: "Aphunzitsi, ameneyu sitinafikepo." Ndinasiya pepala n'kumufunsa pakamwa: tikanena gona, n'kuchotsa kaliwu koyambirira kokha, patsala chiyani? Anayankha mwachangu kuti patsala na. Anachotsa go yense, chifukwa kwa iye go chinali chinthu chimodzi chosagawika ngati mwala.

Mwanayo sanali wofooka, ndipo aphunzitsi akewo sanali aulesi. Onse awiri analandira njira ya kaphunzitsidwe imene yakhala m'dera lino zaka zoposa 130. Aphunzitsi anzanga, ndikufuna tione kumene njirayi inachokera, chifukwa chake inagwira ntchito, ndi pamene inatayira khutu la mwana.

Sukulu za m'mphepete mwa nyanja

Kulemba Chinyanja cha kuno ndi malembo amene tikugwiritsa ntchito lero kunabwera ndi mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA. William Percival Johnson anafika ku Mwembe, kwa mfumu Mataka, mu 1880, ndipo atachoka kumeneko anadzafika kunyanja mu 1882 pamodzi ndi mnzake Charles Janson, amene anamwalira atangofika. Mu 1885 mishoniyo inakhazikika pa chilumba cha Likoma, ndipo sitima imene anaitcha dzina la Janson inayamba kuyenda m'midzi ya gombe lathu lino, kutsitsa aphunzitsi ndi kuwayendera. Johnson anali atadwala maso kwambiri, n'kutsala ndi diso limodzi loona pang'ono. Ndimakonda kukumbukira zimenezi: munthu amene anamasulira Baibulo lonse m'Chinyanja cha kunyanja, lomwe linasindikizidwa mu 1912, ankadalira kwambiri khutu kuposa diso.

Koma amene ankaima pamaso pa ana tsiku ndi tsiku sanali azungu. Oyamba anali anyamata ophunzira ku Zanzibar, ena a iwo opulumutsidwa mu ukapolo. Mmodzi mwa iwo, Augustine Ambali, anakhala zaka zambiri ku Msumba akuphunzitsa ndi kutsogolera mpingo. Ku Unangu, pakati pa Ayao, kunali Yohanna Abdallah, amene buku lake la mbiri ya Ayao, Chiikala cha Wayao, linatuluka mu 1919. Cha m'ma 1900 koleji ya aphunzitsi ya St Michael inatsegulidwa ku Kobwe, ndipo ana a kunyanja kuno anayamba kuphunzitsa ang'ono awo.

Njira imene ankatsata inali yofala m'sukulu za mishoni za nthawi imeneyo. Ankayamba ndi a, e, i, o, u. Kenako ankatenga lembo lina n'kuliphatikiza ndi asanuwo, ana n'kumabwereza pamodzi mokweza mpaka atazolowera, n'kupita pa lembo lotsatira. Mabuku anali osowa, ndiye pepala limodzi lopachika pa mtengo kapena pakhoma linkakwanira gulu lonse, ndipo polemba panali pa sileti kapena pa mchenga. Agogo anga, amene anaphunzira pa sukulu ya m'mudzi kunyanjako, ankatha kutchula mizere imeneyi mpaka ukalamba wawo ngati munthu wotchula mayina a ana ake. Tisaiwale kuti m'midzi ya Asilamu munali njira ina yofanana nayo. Mwana wa ku madrasa amaphunzira malembo a Chiarabu, kenako amaika pa lembo lililonse tizizindikiro titatu n'kumatchula ba, bi, bu. Ndiye kuti ku Niassa kuyimba maphatikizo kuli ndi mizu iwiri, ndipo n'chifukwa chake makolo amakukhulupirira. Kholo likadutsa pafupi ndi kalasi osamva ana akuyimba, limaganiza kuti lero sikunaphunziridwe.

Njirayi inagwira ntchito, ndipo tisainyoze. Inatulutsa anthu owerenga Baibulo, olemba makalata opita kwa abale awo ku migodi, ndi aphunzitsi. Inatheka chifukwa cha mmene chinenero chathu chilili. M'Chinyanja, monganso m'Chiyao, pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Mawu amagawika okha pakamwa: chi-ma-nga, u-si-pa, nya-nja. Tili ana tinkasewera potembenuza mawu kuti akuluakulu asamve, nsima n'kukhala mansi, popanda wotiphunzitsa kuti phatikizo n'chiyani. Komanso amene anayamba kulemba zinenero zathu, pozolowera Chiswahili cha ku Zanzibar, anayesetsa kuti lembo lililonse lizikhala ndi liwu limodzi losasintha. Mwana amene wadziwa ma ndi la atha kuwerenga mala ndi lama, ndipo zimene wawerengazo ndi mawu amene amawamva kunyumba. Tanthauzo linkamuwongolera. Akalakwitsa, khutu lake lomwe linkamuuza kuti mawu otero kulibe.

Vuto linali lobisika pamenepo. Mzere wa ba, be, bi ndi wosavuta, koma Chinyanja sichithera pa ba ndi ka. Pali mba, mbwa, mpha, mphwa, nkha, nkhwa, ng'a, ng'wa, ntha, tsa, dza, psa, ndi ena ambiri, lililonse ndi abale ake asanu. Mukawawerenga onse amafika m'mazana. Mwana amene akuloweza phatikizo lililonse ngati chithunzi chapachokha ali ndi katundu wa zithunzi mazana, ndipo chaka chimatha asanafike pa nkhwa. Mwana amene wazindikira kuti ba, be ndi bo amayamba mofanana, ndipo kuti ba, ka ndi ma amathera mofanana, ali ndi katundu wa maliwu makumi angapo okha, amene atha kuwalumikiza yekha. Ana ambiri a nthawi ya mishoni ankazindikira zimenezi okha pakapita nthawi, chifukwa mzere wa maphatikizo umaonetsa kufananako kwa amene ali tcheru. Amene sanazindikire ankangosiya sukulu, ndipo palibe amene ankawawerenga.

Pamene khutu linachotsedwa m'kalasi

Kuyambira m'ma 1890 mpaka 1929 dera lino linali m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa, imene chidwi chake chinali pa msonkho ndi pa anthu ogwira ntchito, osati pa sukulu. Boma la Portugal litatenga ulamuliro, linamanga Vila Cabral mu 1931, ndiye Lichinga wa lero. Mu 1930 linali litakhazikitsa kale maphunziro apadera a ana achikuda, otchedwa ensino rudimentar. Pangano la boma ndi mpingo wa Katolika la 1940, ndi lamulo la mamishoni la 1941, zinapereka maphunziro amenewa m'manja mwa mamishoni a Katolika, monga ya ku Massangulo imene ansembe a Consolata anatsegula mu 1928. Lamulolo linanena kuti m'sukulu muziphunzitsidwa Chipwitikizi, ndipo zinenero zathu zinaloledwa pophunzitsa za chipembedzo zokha. Nayonso mishoni ya ku Msumba inayenera kutsata Chipwitikizi kuti sukulu yake ipitirire.

Chodabwitsa n'chakuti Apwitikizi anali ndi njira yabwino ya kwawo. Mu 1876 wolemba ndakatulo João de Deus anakonza buku loyambira kuwerenga lotchedwa Cartilha Maternal. Iye ankadana ndi kuwerengetsa ana mayina a malembo. Ankafuna kuti mwana amve zimene lembo limachita m'mawu. Atamaliza a, e, i, o, u ankayamba ndi malembo monga v ndi f, amene liwu lake limatheka kulikoka kwa nthawi kuti mwana alimve, ndipo maphatikizo a m'mawu ankawasiyanitsa ndi mtundu wa inki popanda kuwadula mawuwo. Koma nzeru zonsezi zimadalira chinthu chimodzi: mwana akhale kuti mawu amene akuwagawawo amawadziwa kale. Mwana wa ku Lisboa ankagawa mawu a amayi ake. Mwana wa ku Maniamba ankapatsidwa phokoso lopanda tanthauzo.

Apa m'pamene kuyimba maphatikizo kunasanduka chinthu china. Kunakhalabe, chifukwa aphunzitsi anali omwewo ndipo mabuku ankasowabe, koma mlonda uja, tanthauzo, anali atachoka. Mwana akatchula molakwika, palibe chinkamuuza m'mutu mwake kuti walakwa, kupatula palmatória. Ndipo malembo enieniwo anasiya kukhala okhulupirika. Lembo la c limamveka mwina mu casa, mwina mu cedo. Lembo la s mu casa limamveka ngati z. Lembo la x lili ndi maliwu angapo, ndipo h wa mu hora samveka n'komwe. Mwana wanzeru pamenepo ankachita chimene wanzeru aliyense angachite: kuloweza tsamba lonse, kuyang'ana chithunzi, ndi kutsatira milomo ya anzake.

Ufulu wa pa 25 Juni 1975 unapeza anthu oposa 90 pa 100 alionse osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Frelimo inasunga Chipwitikizi ngati chinenero cha boma ndi cha umodzi wa dziko. Sindikufuna kuweruza chisankhochi mopepuka. Atsogoleri amene anasonkhana ku Matchedje, kuno ku Niassa, mu 1968 ankachokera m'mitundu yambiri, ankaopa kugawikana, ndipo zinenero zambiri za dziko lino zinalibe kalembedwe kogwirizana. Koma mtengo wake unagwera mwana wa kalasi yoyamba. Kalembera wa 1980 anaonetsa kuti Chipwitikizi chinali chinenero cha kunyumba cha munthu mmodzi yekha pa 100 alionse, ndipo ochitha kulankhula anali pafupifupi mmodzi mwa anayi. Ntchito yophunzitsa akuluakulu ya 1978 inachitika m'Chipwitikizi, ndipo lamulo la maphunziro la 1983 silinasinthe zimenezi. Kenako nkhondo inatseka ndi kuwononga sukulu zambiri za kumidzi mpaka pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992.

Ine ndinayamba sukulu nkhondo itatha, m'Chipwitikizi chokhachokha. Ndikukumbukira ndikutchula eme, a, ma, osamvetsa kuti e woyambirira uja wathawira kuti. Kwa miyezi ingapo ndinkawerenga ma ngati ema, ndipo ndinkalangidwa. Ndinadzamvetsa tsiku lina kunyumba, agogo atatsegula buku lawo la mapemphero n'kundiuza kuti nditseke milomo ndi kung'ung'udza ngati munthu wovomereza nkhani. Anati limenelo ndiye lembolo. Iwo sanawerengepo buku la kaphunzitsidwe, koma anandipatsa liwu m'malo mwa dzina.

Nkhondoyo inasiyanso chinthu china chimene timakumana nacho m'makalasi. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ana awo anaphunzira kuwerenga Chichewa kumeneko. Ku Malawi chinenerochi chinatchedwa Chichewa kuyambira 1968, ndipo malamulo a kalembedwe a 1973 anaika ch pamene mabuku akale, monga Buku Lopatulika, ankalemba c. Ambiri mwa ana othawa kwawo aja lero ndi makolo, ena ndi aphunzitsi. Iwo amalemba chimanga, pamene buku la mwana wawo likulemba cimanga. Inenso m'nkhani ino ndalemba ch, chifukwa ndi amene maso a ambiri a ife anazolowera, koma pa bolodi tiyenera kutsata buku la mwana.

Zimene ofufuza anapeza kutali ndi kuno

M'zaka zomwezo, kunja kunkachitika kafukufuku amene amalongosola bwino za mtsikana wa ku Lago uja. Mu 1974 Isabelle Liberman ndi anzake ku America anapempha ana kuti azigogoda patebulo ndi kamtengo, ena powerengera maphatikizo a m'mawu, ena powerengera maliwu. Mwa ana a zaka zinayi, pafupifupi theka anatha kugogoda maphatikizo, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatha maliwu. Pakutha pa kalasi yoyamba, atayamba kuphunzira kuwerenga, 90 pa 100 ankatha maphatikizo ndipo 70 pa 100 ankatha maliwu. Funso linatsala: kodi khutu limatseguka lokha mwana akamakula, kapena limachita kutseguliridwa?

Yankho linachokera ku Portugal komweko. Mu 1979 José Morais ndi anzake anayesa anthu akuluakulu a kumudzi amene sanapiteko ku sukulu, ndi ena a moyo wofanana nawo amene anaphunzira kuwerenga atakula. Ankawapatsa mawu n'kuwapempha kuti achotse kapena kuwonjezera liwu limodzi kumayambiriro. Osawerenga aja analephera kwambiri, makamaka pa mawu ongopeka, pamene anzawo ankatha. Onsewa ankalankhula Chipwitikizi chawo mosadodoma. Ndiye kuti munthu atha kukalamba akulankhula bwino chinenero chake, osazindikira kuti m'kati mwa go muli zinthu ziwiri. Phatikizo limamveka lokha chifukwa lili ndi kugunda kwake. Liwu limabisala m'kati mwa phatikizo, ndipo munthu amalipeza wina akamuonetsa, makamaka pamene akuphunzira malembo.

Pano ndiyenera kuchenjeza. Mikangano yambiri imene timawerenga ya kaphunzitsidwe ka kuwerenga, kuyambira buku la Jeanne Chall la 1967 mpaka lipoti la National Reading Panel la 2000, ndi ya Chingerezi, chinenero chimene chili ndi maliwu oposa 40 pa malembo 26 ndipo kalembedwe kake n'kosokonekera. Kafukufuku wa Philip Seymour ndi anzake wa 2003 anayerekeza ana a m'mayiko angapo a ku Ulaya. Ana a ku Finland, Greece ndi Italy, kumene lembo ndi liwu zimayenderana, ankawerenga mawu osavuta pafupifupi onse pakutha pa chaka choyamba. Ana owerenga Chingerezi anatsalira kutali, ndipo a Chipwitikizi anali pakati. Chinyanja cholembedwa chili m'gulu loyambalo. Choncho sindigwirizana ndi alangizi amene amabwera ndi njira yokonzedwera Chingerezi n'kutiuza kuti titaye maphatikizo. Phatikizo ndi khomo lachibadwa la chinenero chathu. Cholakwika chathu n'chakuti timamusiya mwana pakhomopo.

Kubwerera kwa zinenero zathu

Kuti chinenero chilowe m'kalasi, chimayamba chagwirizanidwa kalembedwe. Mu 1988 bungwe la NELIMO la pa yunivesite ya Eduardo Mondlane linachititsa msonkhano woyamba wa kalembedwe ka zinenero za Mozambique. Wachiwiri unachitika mu 1999 ndipo wachitatu mu 2008, ndipo pa ntchito imeneyi pali dzina la Armindo Ngunga, katswiri wa Chiyao wochokera kuno ku Niassa. M'misonkhano imeneyi m'momwe munachokera Cinyanja, Ciyao ndi Emakhuwa za m'mabuku athu. Kuyambira 1993 mpaka 1997, INDE inayesa maphunziro a zinenero ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndi Chinyanja ku Tete ndi Xichangana ku Gaza. Amene anaunika ntchitoyo, monga Carol Benson, anaona kuti ana ankalankhula m'kalasi, kufunsa ndi kuyankha, zimene sizinkaoneka m'makalasi a Chipwitikizi chokha, ndipo makolo anaifuna. Mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'dongosolo la boma. Mwana ankayamba kuwerenga m'chinenero chake, Chipwitikizi n'kumachiphunzira pakamwa kaye, kenako n'kudzakhala chinenero chophunzitsira cha m'kalasi yachinayi. Kuno ndi ku Cabo Delgado bungwe la Progresso linathandiza ndi mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi. Lamulo la maphunziro la 2018 linatsimikizira njirayi.

Ndiye kuti patapita zaka zoposa 60, tanthauzo linabwerera m'kalasi yoyamba. Chimene sichinabwerere msanga ndi khutu la mphunzitsi. Ambiri a ife amene tikuphunzitsa kapena kufufuza lero tinaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, ndipo chinenero chathu tinayamba kuchilemba tili akuluakulu, pa maphunziro a masiku ochepa. Timalankhula Chinyanja, koma malembo timawaona ndi maso a Chipwitikizi. Ndamvapo mphunzitsi wakhama akuuza ana kuti agá salankhula. M'Chipwitikizi n'zoona. M'Chinyanja h ndi amene amasiyanitsa pala ndi phala, kola ndi khola. Ikani chikhatho kapena kapepala patsogolo pa milomo ya mwana atchule mawu awiriwo, ndipo adzamva mpweya ukutuluka pa limodzi lokha. Akaumva mpweyawo, h wapeza ntchito, ndipo ph, th ndi kh sakhalanso mizere itatu yachilendo yofuna milungu itatu. Chimodzimodzi kachizindikiro ka pa ng', kamene ana ambiri amakasiya poganiza kuti ndi dontho la choko. Ngoma ndi nyama ya m'tchire, ng'oma ndi yovinira, ndipo mwana amene wamva kusiyanako pakamwa sakaiwala.

Kalasi yachitatu ndi yachinayi ndi pamene ntchito imeneyi imaonekera. Mwana amene amangodziwa maphatikizo oloweza amafika pa Chipwitikizi alibe chogwirira, chifukwa mawu monga prato, flor ndi três sali pa mzere uliwonse umene anayimba. Amachita zimene anachita mlembi wa atsamunda uja, koma motembenuza: amalowetsa lembo pamene khutu lake likufuna, n'kulemba pulatu. Mwana amene anazolowera kutsegula phatikizo atha kuuzidwa kuti pano p ndi r ayandikana popanda kanthu pakati. Athanso kuuzidwa mosabisa kuti liwu limene amalilemba ny m'Chinyanja limalembedwa nh m'Chipwitikizi, kuti c wa mu cimanga si c wa mu casa, ndipo kuti ch wa mu chuva ndi wina. Zovuta kwambiri ndi l ndi r. M'Chinyanja ndi liwu limodzi, ndipo palibe mawu amene amasintha tanthauzo chifukwa mwatchula lina m'malo mwa linzake. M'Chipwitikizi calo, caro ndi carro ndi zinthu zitatu. Mwana wosokoneza zimenezi sikuti ndi wogontha. Chinenero chake chinamuphunzitsa kusasamala kusiyanako, ndipo ayenera kukumva pakamwa nthawi zambiri asanakulembe.

Sindikunena kuti tiwonjezere phunziro lina pa ndandanda yodzaza kale. Mphindi zisanu zimakwanira, ndipo zipangizo zili m'thumba. Katswiri wina wa ku Russia, Daniil Elkonin, ankajambulira ana timabokosi, kamodzi pa liwu lililonse, mwana n'kumakankhira kanthu m'kabokosi pamene akutchula. Kuno nyemba ndi zitsekerero za mabotolo sizisowa. Gona ndi nyemba zinayi. Chotsani yoyamba, mwana atchule zotsalazo, ndipo adzapeza yekha ona. Bwezerani nyemba ina pamalopo n'kuitcha n, apeze nona. Tikatero, nyemba iliyonse tiipatse lembo lake tsiku lomwelo, chifukwa masewera a khutu opanda malembo safika patali. Kenako ana ayimbe ga, ge, gi, go, gu monga kale, makolo odutsa pawindo amve.

Titayesa zimenezi pa msonkhano wa aphunzitsi a ZIP ina, panabuka mkangano umene unatidyera nthawi ya chakudya. Kodi mb wa mu mbuzi ndi nyemba imodzi kapena ziwiri? Ena anati ziwiri, poti malembo ndi awiri. Mayi wina wachikulire, amene anaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, anatifunsa kuti tiwombe m'manja pa mbale yodyera ndi pa m'bale wobadwa naye. Yodyera inatenga kuwomba kuwiri, wobadwa naye kutatu. Pa mawu oyambawo m ndi b zimatuluka pamodzi ngati chinthu chimodzi, pa achiwiriwo m amaima payekha ndipo ali ndi kugunda kwake. Ine ndinati mb wa mbuzi akhale nyemba imodzi, koma mwana aonetsedwe kuti akufanana ndi b amene wadzera m'mphuno, monga nd ndi d, kuti asamuloweze ngati mlendo. Si onse anavomera, ndipo ena akuikabe nyemba ziwiri m'makalasi awo.

Pobwerera ku Lichinga madzulo ake tinadutsa chikwangwani chija, ndipo mnzanga amene ndinali naye anayamba kuwomba m'manja. M-te-ngu-la, kanayi. Me-ta-ngu-la, kanayinso. Mlembi uja kugunda anakumva bwino, ndipo maphatikizo anawawerenga molondola. Chimene chinamuphonya ndi chimene chinali m'kati mwa loyambalo.